Nyumba ya a Borden ku Fall River: za mizukwa ndi za mlandu womwe sunathe

Mmodzi mwa inu wandilembera imelo. Akuti anaonera pa YouTube anthu akugona m'nyumba ina ku America momwe munaphedwa bambo ndi mkazi wake kalekale, ndiye akufunsa kuti: "Kodi n'zoona kuti m'nyumbamo muli mizukwa? Nanga anawapha ndani, poti ena akuti ndi mwana wawo yemwe?"

Zikomo pofunsa, achimwene. Nyumba mukunenayo ili mumsewu wa Second Street, mumzinda wa Fall River ku Massachusetts, ndipo kuyambira 1996 ndi malo ogona alendo. Ndiyamba ndi imfazo, chifukwa ndi zomwe zili ndi mboni.

Linali Lachinayi, pa 4 Ogasiti 1892. Mwini nyumba, Andrew Borden, anali ndi zaka 69, munthu wachuma koma wodziwika ndi kuuma manja. Mkazi wake wachiwiri, Abby, anali ndi zaka 64. Ana a mkazi woyamba omwe anali moyo anali awiri, Emma ndi Lizzie, ndipo sankamwerana madzi ndi mayi owapezawa, makamaka bambo awo atagulira Abby gawo la nyumba ina momwe munkakhala m'bale wake. Tsikulo Emma anali ku Fairhaven. Malume awo, John Morse, anagona pakhomopo koma anachoka m'mawa. Anatsala Abby, Lizzie wa zaka 32, ndi wantchito wochokera ku Ireland, Bridget Sullivan.

Abby anakwera m'chipinda cha alendo kukayala bedi. Kumeneko wina anamutema ndi kankhwangwa ka 18 kapena 19, nagwa chafufumimba pakati pa bedi ndi kabati. Andrew, yemwenso anali atatuluka m'mawa, anabwerera kunyumba nthawi ikuyandikira 11 koloko, napeza chitseko chili chokiya. Bridget, yemwe ankatsuka mawindo, anamutsegulira, ndipo pambuyo pake anauza khoti kuti panthawiyo anamva Lizzie akuseka pamwamba pa masitepe. Bamboyo anagona pa sofa. Posakhalitsa nayenso anatemedwa kumaso ka 10 kapena 11. Kanyimbo ka ana kotchuka konena za imfazi kamati mayiyo anatemedwa ka 40, bamboyo ka 41, koma n'kukometsera chabe.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Madokotala atayeza magazi ndi chakudya cha m'mimba mwa awiriwa, anapeza kuti Abby anatsogola kufa ndi ola limodzi kapena kuposerapo. Ndiye ngati wakuphayo anali wakunja, anabisala kuti nthawi yonseyo, m'nyumba yopanikiza, ya zitseko zokiyakiya, muli akazi awiri akuyendayenda? N'kutuluka masanasana, palibe womuona?

Mayankho a Lizzie sanamuthandize. Anati Abby analandira kalata yomuitana kukazonda wodwala, koma kalatayo sinapezeke, wodwalayonso sanaoneke. Anati bambo ake akuphedwa iye n'kuti ali m'khola la kuseri kufuna mtovu womangira ku mbedza. Patatha masiku atatu, mnzake Alice Russell anamuona akutentha diresi m'mbaula, iye n'kumati linali ndi penti. Wogulitsa mankhwala wina, Eli Bence, anati kutatsala tsiku limodzi kuti imfazo zichitike, Lizzie anafuna kugula poizoni kwa iye.

Komabe pa 20 Juni 1893, ku New Bedford, amuna 12 ogamula mlandu m'khoti anati Lizzie alibe mlandu. Musafulumire kuwanyoza. Oyandikana nawo omwe anafika patangopita mphindi zochepa sanaone dontho la magazi pa zovala kapena tsitsi la Lizzie. Mutu wa kankhwangwa wothyoka mpini womwe apolisi anaupeza m'chipinda chapansi panalibe umboni woti ndi womwe unagwira ntchito. Oweruza anakananso kuti umboni wa poizoni uja, ndi mawu osinthasintha omwe Lizzie analankhula pomufunsa koyamba, zimvedwe m'khoti. Loya wake, George Robinson, anakhalapo bwanamkubwa wa Massachusetts, ndipo ankadziwa kulankhula ndi anthu akwawo.

Poti mwandifunsa, ine mtima wanga umaloza Lizzie. Koma kuloza ndi kwina, kumanga munthu ndi kwina, ndipo ndi umboni womwe unaloledwa m'khotimo nanenso ndikadazengereza. Boma silinazengenso munthu wina aliyense. Lizzie anakhalabe ku Fall River, m'nyumba yaikulu yomwe anaitcha Maplecroft, anthu ambiri akumusala, mpaka anamwalira mu 1927.

Tsono za mizukwa. Alendo ena amati amamva mapazi usiku, zitseko kutseguka zokha, ana kuseka. Sindikuti akunama. Koma taganizani: munthu wayendetsedwa m'nyumba yonse, waonetsedwa zithunzi za mitembo zomwe zinajambulidwa tsiku lomwelo, wauzidwa kuti apa mwaima ndi pomwe panagwera mutu wa mayiyo, kenako nyali n'kuzima m'nyumba yamatabwa yakalekale. Akamva thabwa kulira aganiza chiyani? Kumbukiraninso kuti mantha amenewo ndi omwe amadzaza zipinda. Nkhani za alendozo si umboni womwe ndingakuuzeni kuti muudalire.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti chipinda chomwe alendo amachilimbirana ndi chija anaferamo Abby. Dzina la Lizzie lili pa chikwangwani, pa makapu ndi pa malaya ogulitsa, pomwe mayi amene anakhala m'banjamo zaka 27, nalera Lizzie kuyambira ali wamng'ono, watsala ngati malo ojambulirapo chithunzi. Ena amafika pogona pansi pomwepo kumuyerekeza, anzawo akujambula. Mukadzapeza mwayi wofika ku Fall River, kaoneni nyumbayo masana, muyese nokha kutalika kwa masitepe ndi kuyandikana kwa zipinda, mufunse mafunso. Koma chonde, achimwene, pa malo amenewo musadzagonepo pofuna chithunzi.