Mbawa ilibe mlandu, wolakwa ndi wogwira tepi

Achimwene, mukuti khosi la gitala yamagetsi muli nalo kale ndipo mukufuna kalipentala akusemereni thupi lake ndi thabwa la mbawa. Khosi la gitalalo musakalisiye kwa kalipentala inu n'kupita kukagona kunyumba, ndapota nanu. Ine ndinachita zomwezo. Mlamu wanga anandibweretsera khosi la Strat (mtundu wa gitala yamagetsi ya kampani ya Fender) kuchokera ku Johannesburg, ndiye ndinapita nalo kwa mkulu wina wopala matabwa ku Ndirande kuti andisemere thupi la mbawa, ngati mmene mukufunira inumu. Anandionetsa makabati ake onyezimira, amvekere gitala ndi kanthu kochepa, mubwere pakatha masiku atatu. Anatha masabata asanu.

Ma pickup (timaginito totola mawu a nsambo) ndi mawaya ndinalumikiza ndekha. Kunyumba ndikamakanda makodi a pafupi ndi nati (potsamira nsambo kumutu kwa khosi) zinkamveka bwinobwino, mtima m'malo. Tsoka linandipeza pa ukwati ku Chilomoni, mwezi wa Okutobala, holo yodzaza, thukuta kamukamu. Nthawi ya perekaniperekani MC anakweza dzanja kuti alidi, ine wa gitala yotsogolera, alowe. Ndinatsetsereka kukafika pa fureti ya 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pa khosi), mawu amene anatuluka abale inu, ngati mphaka woponderezedwa ndi chitseko. Wa kiyibodi anatembenuka n'kundiyang'ana, ine ndinayang'ana tuner, kachipangizo kochunira nsambo. Nsambo zonse zinali zochunidwa bwino, koma ndikangodina chapakati pa khosi mawu akukwera kupitirira kiyi. Pofuna kubisa manyazi ndinayamba kugwedeza gitala, kenaka ndinamva kuti khosi lasuntha m'dzanja langa, nsambo yaing'ono ya E yagwera kunja kwa mafureti. Mayi wina amene amavina ndi ndalama m'manja anaima n'kufunsa mnzake mokweza kuti kodi a gitalawa aledzera? Nyimbo yonse ndinaimaliza volume ili pa ziro, kungoyendetsa zala ngati ndikuimba. A bandi sanandiitanenso mpaka Khirisimasi.

Mawa lake ndinatenga tepi. Strat kuchokera pa nati kufika pa buliji (pomangirira nsambo pa thupi la gitala) ndi 648 mm, ndiye fureti ya 12 imayenera kukhala pakati penipeni, 324 uku 324 uku. Yanga kuchokera pa 12 kufika pa buliji inali 314. Mkulu uja anakayeza pa gitala ya mnzake ya mtundu wa Les Paul, imene ndi yaifupi, cha m'ma 628 mm. Sentimita imodzi yokha, koma ma saddle (tizitsulo ta pa buliji tokhalapo nsambo) ndinawakokera kumbuyo mpaka sipuling'i kuphwatalala, osakwanira. Thabwanso linali laliwisi, anangolibisa ndi vanishi. Litayamba kuuma ndi dzuwa lija masikuluwu anayi a khosi analekerera, kamng'alu n'kutuluka pansi pa neck plate, kachitsulo kakumbuyo kogwira masikuluwuwo.

Nditabwerera kukamuuza, munthu wamkulu ndi ndevu zake akuti gitala ndi yokongola, vuto ndi zala zanu, mwina simunaphunzire bwino. Ine amene ndinayamba ndi ya chigubu ndili sitandade 4! Anafunanso kuti ndiwonjezere ndalama yoti atseke mabowo ndi kuboola ena. Mpaka lero ndikadutsa pa shedi yake ndimayang'ana kumbali.

Ndiye ine ndikuti za makalipentala zisiyeni, sakani thupi lakale la gitala yakufa, muikepo khosi lanulo. Komabe mbawa ndi thabwa labwino kwambiri, ndi mtundu wa mahogany, ndipo makampani akunja amapangira magitala mitengo ya banja lomweli. Ikalemera pa phewa musadabwe. Mukaumirira, gulani thabwa nokha, likhale m'nyumba miyezi ingapo, osati la dzulodzulo. Mabowo a buliji asaboole inu palibe, khosi liyambe lamangidwa kaye kenaka muyeze nokha kawiri. Mokhala khosimo mukhale mothina moti mutalikankhiramo popanda sikuluwu lisagwedere. Musaiwale kabowo kodutsa waya wa ground kupita ku buliji, apo ayi pickup ya single coil (ya koyilo imodzi) idzakulirirani ngati njuchi mukangolumikiza ku amp, ndipo mkati mwa bowo la zokwezera mawu mumatemo copper tape kuti phokosolo lichepe, ikasowa ngakhale foil wa kukhitchini amathandiza. Ma pot (tozunguza ta volume ndi tone) a single coil ndi a 250k, a 500k asungireni humbucker, pickup ya makoyilo awiri.

Yanga ija ndinatseka mabowo ndi timitengo ndi guluu, ndinabwezera buliji kumbuyo, ndipo ndi imene ndimaimbira kutchalitchi pano. Nanenso ndaumirirabe, thupi lachiwiri akundisemera kalipentala wina ku Bangwe, koma tepi ndimachita kupita ndi yanga.