Kodi Mgiti ndi munthu wa ku Gati yemweyo?

Mayi ena amene amaphunzitsa Sande sukulu afunsa kuti: "Pa 1 Samueli 17 ndikuwerenga za Goliati wa ku Gati, koma pa 2 Samueli 15 ndakumana ndi Itai Mgiti. Agitiwa ndi mtundu winanso? Ana ndiziwauza chani? Nanga dzina la Gati ndizilemba bwanji?"

Mayi, si mtundu wina ayi. Mgiti ndi munthu wa ku Gati basi. Gati unali umodzi mwa mizinda isanu ya Afilisti, inzake ndi Gaza, Asikeloni, Asidodi ndi Ekroni. M'Chiheberi mzindawu ndi Gat, wochokera kumeneko ndi Gitti, nde omasulira anangotenga Gitti uja nkumuika M kutsogolo ngati mmene timanenera Mfilisti, Mhebri, Mchewa. Vuto nlakuti ife M ameneyu timamupatsa mtundu wa anthu osati mzinda, palibe amati Mzomba pofuna kunena munthu wa ku Zomba, nchifukwa chake khutu lanu linamva ngati Agiti ndi fuko lina lake.

Ndiye kwa ana ine ndingati muzinena kuti Itai wa ku Gati, ndipo apa ndilimbikirapo chifukwa mukati Mgiti nkhani imataya mchere wake. Taonani. Mzinda umenewu ndi kwawo kwa Goliati amene Davide anamupha. Koma Davide yemweyo pothawa Sauli anakabisala komweko kwa mfumu Akisi, anthu atamuzindikira anachita kunamizira misala, kumakanda zitseko za pachipata dovu likuyenderera pandevu. Kenaka anabwereranso ndi anthu ake 600, Akisi nkumupatsa mzinda wa Zikilagi, ndipo anakhala m'dziko la Afilisti chaka ndi miyezi inayi. Nde tsiku lomwe Davide akuthawa mwana wake Abisalomu, amene akukana kumusiya ndi Itai, mlendo wochokera kwawo kwa Goliati, mpaka kulumbira kuti kaya ndi imfa kaya moyo iye akhala komwe kuli mfumu. Mwana akamva "wa ku Gati" malo onse awiri adzalumikiza yekha, koma Mgiti amudutsa osadziwa kanthu.

Munafunsanso kalembedwe. Lembani wa ku Gati, mawu atatu, ku patsogolo pa dzina la malo amaima payekha ndipo dzinalo liyambe ndi chilembo chachikulu. Gath ndi kalembedwe ka Chingerezi, kwathu mawu amathera ndi a, e, i, o kapena u, nde i wakumapetoyo musamuchotse.

Ana ena ndi ochenjera adzakufunsani ngati mzindawo ulipobe. Pa 2 Mafumu 12:17 akuti Hazaeli mfumu ya Aramu anaulanda, ndipo akatswiri ofukula zakale ambiri amati mabwinja ake ndi a pa chitunda cha Tell es-Safi ku Israel, pomwe gulu la katswiri Aren Maeir linayamba kufufuza mu 1996 nkupeza umboni woti mzindawo unawonongedwa cha m'ma 830 Yesu asanabadwe.