Mwana akuoneka mu TreeMap koma get ikubweza null, chavuta nchiyani?

FUNSO: Akulu, masiku atatu tsopano ndikulimbana ndi kapulogalamu kanga ka Java, mutu wachita kuima. Ndi asayimenti yosunga zotsatira za mayeso a ana a Fomu 4, ndiye ndagwiritsa ntchito TreeMap, chosungira cha Java chimene chimasanja zinthu potsata key, ndipo key yake ndi mwanayo, kuti azisanjika okha wamalikisi ambiri akhale koyamba. Comparator, ka code koyerekeza ana awiri kuti woyamba ndani, ndinalemba ndekha, malikisi a woyamba mwa awiriwo akachepa ibweze 1, apo ayi ibweze -1, poti ana ena amafanana malikisi ndiye sindimafuna wina asowe. Ndikapirinta map yonse ana onse 40 akutuluka bwinobwino, koma ndikati get kapena containsKey pa mwana yemwe ndikumuona ndi maso angawa ikundipatsa null ndi false, kutanthauza kuti mulibe. equals ndi hashCode ndinalemba kale. Java yangayi yawonongeka kapena? Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Java ilibwino amwene, musavutike nkuyikanso. Vuto lili pa comparator yanuyo, ndipo mwalitchula nokha mufunsomo: imabweza 1 kapena -1 basi, 0 sabwera ngakhale kamodzi.

TreeMap sifufuza ngati aphunzitsi oyendetsa chala pa rejisitala dzina ndi dzina ayi. Mkati mwake muli mtengo umene amautcha red-black tree, ndiye mukaitana get imayambira pamwamba nkufunsa comparator kuti uyu ndikumufunayu ali mbali iti, ikalandira nambala yochepera 0 imalowera kumanzere, yoposa 0 kumanja, ikalandira 0 ndi pomwe imati ndamupeza. Pa ana 40 mafunsowa sapitirira 10, nchifukwa chake imathamanga. Tsono taganizirani zimene zikuchitika kwa inu: yafika pa mwana weniweniyo, yamuyerekeza ndi iye mwini, comparator yati -1, iyo nkumulambalala kutsikira kumanzere mpaka kukathera pa null. Kupirinta kumatheka chifukwa pamenepo imangoyenda mtengo wonse osafunsa comparator. Tayesani remove muone, sichotsa kanthu, ndipo mukamuika mwana yemweyo kawiri ndi put alowa kawiri.

Za equals ndi hashCode zija ndi za HashMap, mtundu wina wa map. TreeMap pofufuza key siziyang'ana nkomwe, diso lake ndi comparator yokha.

Komatu mantha anu anali oona ndithu. Mukanangobweza 0 malikisi akafanana, TreeMap ikanati ana awiri a 67 ndi munthu mmodzi, put yachiwiri nkufufuta value ya woyamba, size osakwera, ana nkuperewera mwakachetechete. Chofunika nchakuti 0 abwere pokhapokha ali mwana yemweyo. Yambani ndi `Integer.compare(b.malikisi, a.malikisi)`, yankho likakhala kuti si 0 bwezani lomwelo, likakhala 0 pitani pa chinthu chimene ana awiri sangafanane, monga nambala ya mayeso, `a.nambala.compareTo(b.nambala)`. Osadalira dzina, mukudziwa nokha m'kalasi imodzi a Banda amakhalamo angati. Kuyambira Java 8 zomwezi zimalembeka mzere umodzi ndi thenComparing. Ndipo chonde chizolowezi chochotsera a - b mu comparator chisiyeni, pa malikisi sichivuta koma int imathera pa 2147483647, tsiku lina mudzachita pa manambala akuluakulu yankho nkutembenuka.

Pali msampha wina ukukudikirani kutsogoloku, uwu ndi umene unandidyera usiku wonse ine nditangoyamba ntchito. Mwana wadandaula, pepala lachongedwanso, 54 yasanduka 71, inu nkungosintha malikisi pa object ili kale mu map. Mtengo sudzisanjanso wokha. Mwanayo amakhalabe pa nthambi ya a 54 pomwe get ikukamufuna kwa a 71, null uja nkubwereranso ngakhale comparator ili yolondola. Muchotseni kaye ndi remove, sinthani, kenako mubwezeni ndi put. Kunena zoona ine ndikanakhala inu key ikanakhala nambala ya mayeso, poti siisintha, za kusanja malikisi ndikanazichita pa List nthawi yotulutsa lipoti.

Pofufuza vuto ngati ili musayambe nkung'amba pulogalamu yonse. Itanani compare pa mwana mmodzi ndi iye mwini, ikapanda kubweza 0 mwaligwira kale. Kenako tengani ana awiri, ayerekezeni uku ndi uku, mayankho akhale otsutsana, wina pansi pa 0 wina pamwamba. Zikadutsa zimenezo ikani println mkati mwa compare kuti muone njira imene get ikuyenda ndi pomwe yakhotera molakwika. Muyenera kudziyesera nokha chonchi chifukwa TreeMap sidandaula, Collections.sort nthawi zina imakuwa kuti comparator yaswa lamulo koma iyi imangoti zii.

Anzanu a C++ muwauzenso, std::map, TreeMap ya kwawoko, ikapatsidwa <= m'malo mwa < matenda ake ndi omwewa, find imangobweza end, kutanthauza kuti sinaipeze, pomwe key ili momwemo.