Njovu youluka ya Osibisa: yankho kwa mwini lekodi ya malemu bambo ake

Mnyamata wina wandilembera imelo. Akuti pokonza m'sutikesi ya malemu bambo ake wapeza lekodi yakale, pachikuto pake pali njovu yokhala ndi mapiko, ndipo dzina lolembedwapo ndi Osibisa. Ataimvera pa YouTube, mnzake wamuuza kuti awa ndi anthu akuda amene ankangotsanzira rock ya azungu. Funso lake ndi lakuti: kodi mnzakeyo akunena zoona, ndipo nyimbozi ndi za chamba chanji?

Achimwene, mnzanuyo wamva gitala yamagetsi n'kuweruziratu mlandu. Muuzeni amverenso, koma ulendo uno atchere khutu ku ng'oma.

Lekodi imeneyo ndi chimbale choyamba cha Osibisa, chomwe chinatuluka mu 1971 pansi pa kampani ya MCA. Gululi linayambira ku London mu 1969, ndipo anthu ake asanu ndi awiriwo anachokera kosiyanasiyana. Atatu anali a ku Ghana: Teddy Osei woimba saxophone ndi chitoliro, mbale wake Mac Tontoh wa lipenga, ndi Sol Amarfio wa ng'oma. Lasisi Amao anali wa ku Nigeria. Otsalawo anali a ku zilumba za Caribbean: Wendell Richardson wa gitala wochokera ku Antigua, Spartacus R wa besi wochokera ku Grenada, ndi Robert Bailey wa kiyibodi wochokera ku Trinidad. A ku Ghana aja sanayambire kuimba ku Ulaya ayi. Anafika ku London atakhwima kale m'magulu a highlife (nyimbo zovinira za ku Ghana) kwawo, ndipo Osei anali atakhala ku Londonko kuyambira 1962.

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'magulu ambiri a rock a nthawi imeneyo, gitala ndiye mfumu, ng'oma zimangoperekeza. Pa chimbale ichi zinthu zatembenuka. Ikani "Music for Gong Gong", tsekani maso. Mumva ng'oma zamanja, belu lachitsulo ndi ng'oma za Amarfio zikulukana, iliyonse ikuyenda njira yake koma zonse n'kukumana pamalo amodzi, monga momwe minsi imalandirana mu mtondo akazi awiri akamasinja. Malipenga amalowa pamwamba onse pamodzi, mwa highlife weniweni. Gitala ya Richardson imabwera pambuyo, imalira mokwiya ndithu, koma imavina motsatira ng'oma. Ine ndikamvera pamenepo tsitsi limandiimirira mpaka lero, chifukwa ndimamva anthu a ku Africa ndi abale awo a kutsidya la nyanja akuzindikirana kudzera m'kugunda kumodzi.

"The Dawn", yomwe imatsegula chimbalechi, imayamba pang'onopang'ono ngati kukucha, chitoliro chikutsogola, kenako moto n'kuyaka. Nyimbo zambiri mawu ndi ochepa, zida ndizo zimayankhula. Mu "Think About the People" ndi momwe muli mawu a Chingerezi omveka bwino, ndipo kwa ine imeneyo ndiyo yayandikira kwambiri ku rock ndi soul.

Za azungu zilipo ndithu, sindikubisirani. Amene anayang'anira kujambula ndi Tony Visconti, yemwe ankagwiranso ntchito ndi David Bowie ndi T. Rex. Njovu ija anaijambula ndi Roger Dean, amene anadzatchuka kwambiri ndi zikuto za gulu la Yes. Chimbalechi chinafika pa nambala 11 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain, ndipo chaka chomwecho anatulutsanso chachiwiri, Woyaya. Koma kugwira ntchito ndi mzungu mu situdiyo si kutsanzira mzungu. Mawu akuti "world music" anali asanafale n'komwe pamene anyamatawa ankadzaza maholo, ndipo mu 1980 anakaimba nawo pa zikondwerero za ufulu wa Zimbabwe.

Mukafuna dzina la chamba cha nyimbozi, ambiri amati Afro-rock, ndipo silolakwika. Muli highlife, jazz, funk, calypso ndi rock.

Teddy Osei anamwalira ku London mu Januwale 2025. Lekodi ya bambo anuyo musaigoneke pansi pa mabuku kapena kuisiya padzuwa, imapindika. Iimikeni chilili m'chikuto chake, ipukuteni ndi kansalu kofewa motsatira mizere, ndipo mukapeza wokhala ndi galamafoni yabwino, mutenge ndi mnzanu uja mukaimvere limodzi kuyambira mbali yoyamba.