Kodi "lustrum" tiziti chiyani m'Chichewa?

Funso: Ndikumasulira nkhani ya Aroma akale kuti ophunzira anga aimve bwino. Ndapezamo liwu lakuti lustrum, lomwe akuti ndi zaka zisanu. Kodi tili nalo liwu limodzi lofanana nalo, kapena ndingolemba kuti lusitiramu? Mphunzitsi wa ku Dedza.

Yankho: Aphunzitsi, lusitiramu ndiye ayi, chonde. Ngakhale eni ake Chingerezi, ambiri liwuli salidziwa, ndiye mwana wa Folomu 2 akalidziwira kuti?

Liwuli ndi la Chilatini, ndipo poyamba silinkanena za nthawi. Ku Roma kunkakhala akuluakulu awiri otchedwa censor amene ankawerenga nzika ndi chuma chawo. Kalembera akatha, anthu ankasonkhana pabwalo la Campus Martius. Apo ankatenga nkhumba, nkhosa ndi ng'ombe yamphongo, n'kuziyendetsa mozungulira khamu lonselo, kenaka n'kuzipha ngati nsembe kwa mulungu wawo Mars. Mwambo woyeretsa mtundu umenewu ndiwo unkatchedwa lustrum. Popeza kalemberayo ankayenera kuchitika zaka zisanu zilizonse, dzina la mwambo linafika potanthauzanso zaka zapakatizo. Womaliza unachitika m'chaka cha 74 Yesu atabadwa, mu ulamuliro wa mfumu ya Roma, Vespasian.

Ndiye yambani mwaona chimene chiganizo chanu chikunena. Ngati ndi mwambowo, lembani kuti "mwambo woyeretsa mtundu pambuyo pa kalembera". Ngati ndi nthawi, "zaka zisanu" zakwana. Abale athu a ku Tete amene anaphunzira m'Chipwitikizi mwina analimvapo lakuti lustro, lomwe ndi lomwelo, koma pocheza m'Chinyanja nawonso amangoti zaka zisanu.

Ine sindiona ngati Chichewa chaperewera pamenepa. Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti tikamathamangira mawu achilendo, kawerengedwe kathu komwe tikukaphonya. Chaka ndi zaka zimatenga chi- ndi zi-, choncho timati zaka ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Tikadutsa apo ambiri amapunthwa: amalemba "zaka zisanu ndi zimodzi", pomwe choonjezeracho ndi chaka chimodzi chokha. Cholondola ndi "zaka zisanu ndi chimodzi", kenaka "zisanu ndi ziwiri". Khumi lokha ndi dzina palokha, silivala zi-. Timati zaka khumi, zaka makumi awiri, zaka makumi atatu ndi zisanu.

Pomaliza, samalani kusiyana kwa "kwa zaka zisanu" ndi "zaka zisanu zilizonse". Mtsogoleri wa dziko la Malawi amalamulira kwa zaka zisanu, pomwe chisankho chimachitika zaka zisanu zilizonse. Ponena za kalembera wa Aroma, chachiwirichi ndicho mukufuna.