Kodi digiri ya m'nthawi ya Covid ndi yodalirika?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene ali ndi kampani yaing'ono ya zomangamanga ku Lilongwe. Akuti kwabwera mnyamata wofuna ntchito, ali ndi digiri ya uinjiniya yochokera ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg, koma chaka chake chachiwiri chinali 2020. Anzawo akuwauza kuti "ana a Covid" anaphunzirira pa foni, ndiye asawadalire. Akufunsa kuti amulembe ntchito kapena ayi.

Bambo, musamubweze chifukwa cha chaka chimenecho. Pepala lake ndi lofanana ndi la amene anamaliza 2018, ndipo madigiri a uinjiniya a ku Wits amavomerezedwa ndi bungwe la ECSA lomwe limayang'anira ntchito ya uinjiniya ku South Africa. Komabe anzanuwo sakunama kotheratu, ndiye tiyeni tione pamene panavuta.

Pulezidenti Cyril Ramaphosa analengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 15 Malichi 2020, ndipo pofika pa 27 Malichi aliyense anali atatsekeredwa pakhomo. Ophunzira anachoka m'mahositelo mothamanga, ena kusiya mabuku poganiza kuti ndi za masabata ochepa. Wits, yomwe nthawiyo inali m'manja mwa Adam Habib, inayambiranso kuphunzitsa pa 20 Epulo, zonse pa intaneti. Ganizirani, mwezi umodzi wokha kuti mphunzitsi amene wazolowera bolodi ndi choko asanduke wojambula mawu ake pa kompyuta. Musayerekeze zimenezi ndi yunivesite ya Unisa, yomwe yakhala ikuphunzitsa anthu ali kwawo kuyambira 1946 ndipo maphunziro ake anakonzedwa kuti aziyenda motero. Za ku Wits zinali zopulumutsa chaka basi.

Yunivesiteyi inagula malaputopu pafupifupi 5,000 obwereketsa kwa amene analibe, n'kuwatumiza m'makwawo kudzera ku positi. Inagwirizananso ndi makampani a mafoni a MTN, Vodacom, Cell C ndi Telkom kuti wophunzira azilandira bandulo ya 30GB pa mwezi. Zikumveka zambiri eti? Koma 10GB yokha ndi imene inkagwira nthawi iliyonse, 20GB yotsalayo inali ya usiku. Choncho mwana wa m'nyumba ya chipinda chimodzi ku Alexandra, dera la anthu osauka ku Johannesburg, ankadikira kuti onse agone, pakati pa usiku n'kuyamba kukopera mavidiyo a phunziro, kuwala kwa laputopu atakuphimba ndi bulangete kuti asadzutse azing'ono ake. Mnzake wa kalasi yomweyo ku Sandton, dera la anthu olemera, anali ndi chipinda chake, tebulo lake ndi intaneti yosatha. Pakati pa chaka kampani ya magetsi ya Eskom inayambanso kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana. Ndipo ngati mnyamata wanuyo anali atabwerera kuno kumudzi malire asanatsekedwe, ma 30GB aja sanamuthandize chifukwa anali a manetiweki a ku South Africa, ankagula yekha bandulo ya Airtel kapena TNM. Ineyo munthu amene anakhoza masamu a chaka chachiwiri m'mikhalidwe yotere ndimamupatsa ulemu, sindimukayikira.

Chimene chinasokonekera kwenikweni ndi ntchito ya manja. Phunziro la masamu limayenda bwinobwino pa kanema, mwinanso kuposa m'holo ya anthu mazana, poti pamene sunamve umabweza. Koma labu siitumizika pa intaneti. Boma nalo linkadziwa zimenezi. Ndiye chifukwa chake oyamba kuloledwa kubwerera anali ophunzira udokotala a chaka chomaliza, ndipo kuyambira pa 1 Juni nduna ya maphunziro apamwamba ya nthawiyo, Blade Nzimande, inalola gawo limodzi mwa magawo atatu a ophunzira kubwerera, patsogolo pali omaliza maphunziro ndi ofunika malabu. Wa chaka chachiwiri sanali kutsogolo kwa mzere umenewo. N'kutheka ndithu kuti zina zimene akanazigwira ndi manja chaka chimenecho anangozionera pa kanema, n'kupatsidwa manambala oti awerengetsere.

Za mayeso ndisabise, ambiri analembedwa munthu ali kwawo buku lili pambali, ndipo kuonerana kunalipo. Koma digiriyi ndi ya zaka 4. Ngati chachiwiri chinali 2020, chomaliza chinali 2022 kapena kupitirira apo, pamene ambiri anali atabwerera m'makalasi, ndipo ntchito ya chaka chomaliza imaululira amene anadutsa mozembera.

Ndiye muitaneni, koma osati mu ofesi. Pitani naye pa saiti. Mupatseni levulo ayeze yekha kutsetsereka kwa malo. Muonetseni konkire yongosakanizidwa kumene, mumufunse ngati madzi achuluka, komanso chifukwa chake timadikira masiku 28 tisanayeze mphamvu yake yonse. Mutambasulireni pulani akuuzeni zitsulo zingati zilowa m'mzati umodzi. Mufunseninso mwachindunji kuti ndi malabu ati amene anawaphonya mu 2020 ndipo anawabwezera liti. Akayankha bwino koma manja akadali olemera, muikeni pafupi ndi folomani wanu kwa miyezi itatu yoyeserera, kenako muone.