Sankhani zilumba ziwiri, ndipo musungitse malo msanga

Achemwali, mwafunsa ngati sabata imodzi ingakukwanireni kuzungulira mapaki a boma a ku Hawaiʻi, ku America, pazilumba zinayi. Ine ndingati sankhani ziwiri basi. Kuchoka pachilumba china kupita china mumakwera ndege, ndiye tsiku limangothera kubwalo la ndege.

Chachikulu n'kusungitsiratu malo pa intaneti. Kuyambira 2022, mlendo wosakhala ku Hawaiʻi salowa kuphiri la Diamond Head, pachilumba cha Oʻahu, asanasungitse. N'chimodzimodzi kupaki ya Waiʻānapanapa, pachilumba cha Maui, kuja kuli gombe la mchenga wakuda bii.

Koma ine mtima wanga uli pachilumba cha Kauaʻi. Kupaki ya Hāʻena ndiko kumayambira njira yoyenda pansi ya Kalalau, yotalika pafupifupi makilomita 18, yodutsa m'mphepete mwa maphompho a Nā Pali. Kukagwa mvula matope ake amaterera koopsa, choncho valani nsapato zogwira pansi. Kupitirira chigwa cha Hanakāpīʻai kumafuna chilolezo chogona kutchire. Ndipo chonde, pagombe la Hanakāpīʻai musalowe m'madzi. Mafunde akumeneko akokapo anthu ambiri.

Chigwa chachikulu cha Waimea Canyon chili pachilumba chomwecho. Lawirirani m'mamawa mitambo isanaphimbe chigwacho.